Mkanda umodzi wolowa pamalo polakwika: gwero la matenda a sickle cell

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI: Lero tikamba za magazi, ndipo ndikupemphani mutchere khutu, makamaka inu makolo, aphunzitsi ndi ankhoswe.

Mwana wabadwa bwinobwino, akuyamwa, kusikelo akukwera. Atafika miyezi 6 kapena 8, usiku wina wayamba kulira kosatonthola. Mayi ayatsa tochi n'kuona kuti kuseri kwa manja kwatupa, tizala tonse tatupa, mapazi chimodzimodzi, ndipo ukangokhudza pang'ono mwana akukuwa. Patha sabata, kutupa kwaphwa. Posakhalitsa thupi latentha, m'zikhatho mwayera, maso achita chikasu, ndipo kuchipatala akuti magazi achepa, athiridwe ena. Pangopita miyezi yochepa, abwereranso. Apa pamudzi payamba manong'onong'o. Ena akuti mwanayu akumupopa magazi usiku. Ena akuti ndi tsempho. Akuchimuna akuti matenda otere kumtundu kwathu kulibe, achokera kuchikazi.

Ana ambiri odwala motere amakhala ndi matenda a sickle cell. Ndipo awa ndi amodzi mwa matenda amene gwero lake limadziwika bwino kwambiri, moti akatswiri amatha kuloza kuti vuto lili apa, pamalo akutiakuti. Malo amenewo ndi amene ndikufuna tiwaone limodzi.

Chimene chimafiiritsa magazi ndi maselo ofiira. Selo lofiira labwinobwino ndi lozungulira, lopyapyala pakati, ndiponso lofewa kwambiri, moti limapindika n'kudutsa m'timitsempha tochepa kuposa ilo lomwe. M'selo limodzi lokha mumakhala himogulobini oposa 250 miliyoni. Himogulobini ndi puloteni amene amanyamula mpweya wa okosijeni m'mapapo, n'kukautula ku ubongo, ku minofu, m'mafupa ndi kwina konse.

Kuti timvetse mmene puloteni amapangidwira, ganizirani mayi woluka mikanda. Ali ndi mikanda ya mitundu 20, ndipo amaitunga pa ulusi motsatira ndondomeko imene wapatsidwa: uwu uyambe, uwu utsatire, uwu ubwere pambuyo. Mikanda ya thupi imeneyi dzina lake ndi ma amino acid. Himogulobini mmodzi wa munthu wamkulu ali ndi zingwe zinayi za mikanda yotere. Ziwiri zimatchedwa alpha, ndipo chilichonse chili ndi mikanda 141. Ziwiri zinazo zimatchedwa beta, ndipo chilichonse chili ndi mikanda 146. Chingwe chikatha kutungidwa chimadzipinda chokha n'kutenga maonekedwe ake, ndipo mapindidwe akewo amadalira mikanda imene ilipo.

Tiwerenge mikanda ya chingwe cha beta kuchokera kumayambiriro. Woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi, wachisanu. Tiime pa wa nambala 6. Mwa anthu ambiri, pamenepa pamakhala amino acid wotchedwa glutamic acid. Mwa munthu wa sickle cell, pamalo omwewo pamakhala wina wotchedwa valine. Mikanda ina yonse 145 ili m'malo mwake, zingwe za alpha zilibe vuto. Kutupa kwa manja kuja, kuchepa kwa magazi kuja, ululu wa m'mafupa umene umaliza ngakhale bambo wandevu, zonsezi zimachokera pa mkanda umodzi umenewu.

Nanga valine amafika bwanji pamenepo? Ndondomeko yotungira ija inalembedwa mu DNA, imene timatengera kwa makolo. DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, ndipo thupi limaziwerenga zitatuzitatu. Malangizo opangira chingwe cha beta ali pa chigawo chotchedwa HBB, pa chromosome 11. Pamalo a mkanda wathu uja pamayenera kulembedwa GAG, kutanthauza glutamic acid. Mwa wa sickle cell palembedwa GTG, kutanthauza valine. Chilembo chapakati chokha, A, chinasanduka T. Thupi silidziwa kuti palakwika. Limatunga mokhulupirika zimene lawerenga, tsiku ndi tsiku, moyo wonse.

Kusiyana kwa ma amino acid awiriwa n'kwakukulu. Glutamic acid ali ndi kamphamvu ka magetsi ndipo amagwirizana ndi madzi, choncho amakhala mosavuta kunja kwa himogulobini, kumene kuli madzi a m'selo. Valine ndi wa mtundu wa mafuta, madzi sagwirizana nawo, ndipo akapezeka kunja amafuna pobisala. Himogulobini akanyamula okosijeni, valine sapeza pobisala, ndipo zinthu zimayenda. Koma akangotula okosijeni uja amasintha kaimidwe pang'ono, ndipo pambali pake pamaoneka kadzenje konona. Valine wa himogulobini woyandikana naye amalowa m'kadzenjeko n'kumatirira. Winanso amatirira kwa ameneyo, winanso chimodzimodzi, mpaka papangika timizere titalititali tolimba, todzaza selo lonse. Selo lofewa lija limaumitsidwa kuchokera m'kati, limatalika, limapindika, n'kukhala ndi nsonga mbali zonse ziwiri. Maonekedwe a zenga lomwetera udzu amenewa ndi amene anapatsa matendawa dzina.

Selo likabwerera ku mapapo n'kulandira okosijeni, timizere tija timasungunuka ndipo selo limawongoka. Koma kupindika ndi kuwongoka kobwerezabwereza kumawononga khungu la selo, mpaka limauma osawongokanso. Apa pamabuka mavuto awiri. Loyamba, selo lofiira labwino limakhala masiku pafupifupi 120, pamene la sickle limafa pakatha masiku 10 mpaka 20. Thupi limalephera kupanga maselo atsopano mwachangu chotero, n'chifukwa chake magazi amakhala ochepa nthawi zonse, ndipo zotsalira za maselo ophwanyikawo n'zimene zimachititsa maso chikasu. Lachiwiri, maselo oumawo amamatirira m'mbali mwa timitsempha n'kutseka njira. Kutsogolo kwa pamene patsekapo okosijeni safika, ndipo mnofu kapena fupa la pamenepo limayamba kupweteka koopsa. Kwa khanda zimayambira m'timafupa ta manja ndi mapazi. Kwa wokulirapo zimagwira msana, miyendo, chifuwa ndi m'mimba. Zikachitika mu ubongo, mwana wa sitandade 2 amatha kudwala sitiroko, n'kufa mbali imodzi.

Pali chiwalo china chimene chimavulala mwakachetechete: kapamba. Kapamba ndi amene amasefa tizilombo m'magazi. Mwa ana a sickle cell amawonongeka adakali aang'ono, ndipo tizilombo toyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi timapeza khomo lotsegula. Ana ambiri amene timataya asanafike zaka 5 amapita ndi matenda otere, nthawi zambiri popanda wina wodziwa kuti pansi pake panali sickle cell.

(Kanyimbo kakafupi)

Kuti anthu afike podziwa za mkanda wa nambala 6, panapita zaka pafupifupi 50. Mu 1910 dokotala wa ku Chicago, James Herrick, analemba za wodwala wake, mnyamata wochokera pa chilumba cha Grenada dzina lake Walter Clement Noel, amene ankaphunzira udokotala wa mano. Wothandizira wa Herrick, Ernest Irons, ndi amene anaika kadontho ka magazi a Noel pa galasi n'kuona maselo ataliatali opindika. Mu 1949 Linus Pauling, Harvey Itano ndi anzawo ku California anadutsitsa magetsi mu himogulobini wa anthu athanzi ndi wa odwala, n'kupeza kuti awiriwa sayenda mofanana. Zinaonekeratu kuti vuto lili mwa himogulobini mwenimwenimo, ngakhale kuti malo ake anali asanadziwike.

Amene anapeza malowo ndi Vernon Ingram, ku Cambridge, mu 1956 ndi 1957, ndipo njira yake ndimaikonda chifukwa cha kuleza mtima kwake. Anadula himogulobini m'tizidutswa pafupifupi 30. Anadonthezera msakanizowo pa pepala lonyowa, n'kudutsitsa magetsi kuti tizidutswa tibalalike cham'mbali. Kenako analola mankhwala amadzi akwere pepalalo kuti tibalalikenso chokwera. Atawaza mankhwala oonetsa mtundu, papepala panatuluka madontho, kachidutswa kalikonse pamalo pake. Anaika mapepala awiri pambalipambali, la munthu wathanzi ndi la wodwala. Madontho onse anagwirizana, kupatula limodzi lokha limene linasuntha. Atafufuza za m'dontho limenelo, anapeza valine pamalo a glutamic acid. Aka kanali koyamba kuti munthu asonyeze kuti kusintha kwa amino acid mmodzi m'puloteni kungadwalitse thupi lonse.

Tsopano tifike pa nkhani imene imapasula mabanja. Munthu aliyense ali ndi malangizo a chingwe cha beta awiri, amodzi ochokera kwa bambo, ena kwa mayi. Abwinobwino timawatcha A, osinthika aja timawatcha S. Wolandira A mbali zonse ndi AA. Wolandira A mbali imodzi ndi S mbali ina ndi AS, ndipo ameneyu sadwala sickle cell. Amalima, amasewera mpira, amabereka, amakalamba, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ali ndi S. Amene amadwala ndi wolandira S kwa bambo ndi S kwa mayi, amene ndi SS.

Ndibwereze pamenepa, chifukwa amayi ambiri athamangitsidwa pabanja popanda mlandu. Mwana wa SS sangabadwe ndi S wa mayi yekha. Ngati mwana ndi SS, bambo anaperekapo S wake, mayinso anaperekapo wake. Akuchimuna ndi akuchikazi onse ali nawo m'magazi, ndipo palibe anachita kusankha kapena kuchimwa kuti akhale nawo.

Bambo wa AS ndi mayi wa AS akatenga pathupi, pali njira zinayi zimene malangizo awo angakumanirane. Imodzi imapereka AA, ziwiri zimapereka AS, imodzi imapereka SS. Koma musamve ngati pa ana anayi alionse mmodzi ndiye adzadwale. Mimba iliyonse imayambira pachiyambi, siikumbukira za mimba yapita. Banja lina limabereka ana asanu popanda wa SS, lina limabereka awiri otsatizana onse a SS. Musasokonezenso zilembozi ndi magulu a magazi aja a A, B, AB ndi O amene amayeza pothira magazi. Zimenezo n'zina. Munthu wa gulu O akhoza kukhala AS.

Mwina wina akufunsa kuti, ngati S ndi woopsa chotere, bwanji sanathe kalekale? Yankho lili pa udzudzu. Mu 1946 dokotala E. A. Beet, akugwira ntchito m'boma la Balovale ku Northern Rhodesia, kumene lero ndi Zambezi m'dziko la Zambia, anaona kuti tizilombo ta malungo sitinkapezeka kawirikawiri mwa anthu okhala ndi S poyerekeza ndi anzawo. Mu 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anasonyeza poyera kuti S amachuluka kumene malungo ali ochuluka, ndipo ana a AS amatetezeka. Kachilombo ka malungo kamakhala ndi kuswana m'selo lofiira, ndipo m'selo la munthu wa AS sikakula bwino, komanso thupi limachotsa msanga selo logwidwalo. Kafukufuku wa ku Kenya anapeza kuti kukhala AS kumachepetsa malungo aakulu, akupha aja, ndi pafupifupi 90 pa 100. Choncho kwa mibadwo yambirimbiri ana a AS ankapulumuka malungo pamene anzawo ankafa, ndipo ankakula n'kupatsira S kwa ana awo. N'chifukwa chake S amapezeka kwambiri ku Africa kuno, ku India, ku Arabia ndi m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Padziko lonse ana oposa 300,000 amabadwa ndi matendawa chaka chilichonse, ambiri mwa iwo kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, makamaka ku Nigeria ndi ku Democratic Republic of Congo. Ku West Africa, m'madera a Burkina Faso ndi kumpoto kwa Ghana, kulinso kusintha kwina pa mkanda womwewu wa nambala 6, kumene glutamic acid amalowedwa m'malo ndi lysine. Ameneyo amatchedwa himogulobini C, ndipo nayenso amateteza ku malungo.

Chenjezo pamenepa: wa AS amadwalabe malungo, neti asaisiye. Ndipo mwana wa SS malungo amamugwetsa msanga kuposa mwana wina aliyense, chifukwa magazi ake ndi ochepa kale.

(Kanyimbo kakafupi)

Kudziwa mmene valine amamatirira kumatiuza zoyenera kupewa. Chilichonse chimene chimachepetsa okosijeni, kuumitsa thupi kapena kuchedwetsa magazi m'mitsempha chimapatsa timizere tija mpata. Kuzizira kumafinya mitsempha, ndiye m'mwezi wa June ndi July, kukagwa chiperoni, mwanayu avale juzi, asasambe madzi ozizira a m'mamawa, asanyowe ndi mvula. Kutentha kwa mu October kumaumitsa thupi, ndiye botolo la madzi lisachoke m'chikwama chake. Inu aphunzitsi, mwana wotere akapempha kumwa madzi kapena kupita kuchimbudzi kawirikawiri, muloleni. Impso zake sizisunga madzi bwino, amakodza pafupipafupi, ndipo ambiri amakodza pogona mpaka atakula ndithu. Kumukwapula chifukwa cha zimenezi n'kumulakwira, ndipo kumumana madzi madzulo kuti asakodze pamphasa kungamudzutsire ululu.

Thupi likangotentha, musadikire kuti kuche, musayambe mwagula mapiritsi pagolosale. Pitani naye kuchipatala ndipo mukanene pakhomo pomwe kuti mwanayu ndi wa sickle cell. Chimodzimodzi akamapuma movutika, akamva kupweteka pachifuwa, akafooka mwadzidzidzi, pakamwa pakapotoka, kapena dzanja likalefuka. Amayi, pemphani anamwino akuphunzitseni kupapasa kapamba. Mwana agone chagada, inu muike zala zanu kumanzere kwa mimba, pansi pa nthiti, n'kudina pang'ono pamene iye akukoka mpweya. Mukazolowera mudzadziwa pamene m'mphepete mwa kapamba mumafika masiku onse. Tsiku limene mwapeza kuti watsika kwambiri, mimba yakula ndipo mwana wayera m'maso ndi m'zikhatho, dziwani kuti magazi aunjikana m'kapambamo, ndipo mwana angathe kutisiya m'maola ochepa. Nyamukani nthawi yomweyo.

Ana odziwika msanga amapatsidwa penicillin tsiku ndi tsiku kufikira zaka 5, katemera yense, folic acid, ndi mankhwala oteteza malungo. Zinthu zimenezi si zodula, koma kumene zimaperekedwa mokhazikika imfa za ana zinatsika kwambiri. Ku Britain ndi ku America, kumene amayeza khanda lililonse likangobadwa, ana oposa 90 pa 100 a matendawa amafika pauchikulire. Kuno zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre ndi University Teaching Hospital ku Lusaka zimaona ana a sickle cell, ndipo chipatala cha boma lanu chingakutumizeni kumeneko. Poyezetsa, funsani kuti kuyezako kukusiyanitsa AS ndi SS kapena ayi. Pali kuyeza kwakale kumene kumangosonyeza kuti S alipo, osanena ngati ali mmodzi kapena awiri, ndipo kumeneko kwadetsa nkhawa makolo a ana athanzi. Masiku ano kulinso tizipangizo toyezera ndi kadontho ka pachala, topereka yankho m'mphindi zochepa. Achinyamata amene mukukonzekera chinkhoswe, monga mmene mumayezetsera HIV, yezetsaninso izi. Zotsatira sizikulamulani kuti mukwatirane kapena musiyane. Zimenezo mudzakambirana awiri, koma mukambirane mukudziwa.

Mwina mwadabwa kuti khanda limakhala bwinobwino miyezi yoyambirira. Dokotala wa ana wa ku Brooklyn, Janet Watson, anadabwanso chimodzimodzi mu 1948, ndipo anaganiza kuti chinsinsi chili mwa himogulobini wa mwana wosabadwa. Anaganiza bwino. Mwana ali m'mimba amagwiritsa ntchito himogulobini wina, wotchedwa F, amene alibe zingwe za beta. M'malo mwake ali ndi zingwe za gamma, ndipo pamenepo valine wovuta uja palibe. Mwana akabadwa thupi limazimitsa F pang'onopang'ono n'kuyatsa beta, ndipo pofika miyezi 6 mavuto amayamba. Himogulobini F akakhalapo wambiri m'selo, amalowerera pakati n'kulepheretsa timizere tija kulumikizana.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya mankhwala otchedwa hydroxyurea. Ndi kapisozi womwa kamodzi patsiku, ndipo amachititsa thupi kupanganso himogulobini F. America inawavomereza pa matendawa mu 1998. Kwa zaka zambiri panali mantha akuti mwina kwa ana a ku Africa, kumene kuli malungo ndi kuperewera kwa zakudya, mankhwalawa angavulaze. Kafukufuku wotchedwa REACH, amene anachitika ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda ndipo zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa 2018, anathetsa manthawo. Ana omwa hydroxyurea anamva ululu mwa apo ndi apo, anathiridwa magazi kochepa, imfa zinachepa, ndipo ngakhale malungo anachepa. Amafuna kuyezetsa magazi nthawi ndi nthawi kuti adokotala aone mlingo woyenera, choncho si ogula mwachisawawa kapena kugawana ndi mnansi.

Kuchiritsiratu kuliponso. Njira yakale ndi kumuika wodwala mafuta a m'mafupa ochokera kwa m'bale wake wa bere limodzi amene thupi lake likugwirizana naye. Njira yatsopano inavomerezedwa ku Britain mu November 2023 ndi ku America mu December chaka chomwecho, ndipo dzina lake ndi Casgevy. Madokotala amatenga maselo opanga magazi a wodwala mwiniyo, n'kugwiritsa ntchito luso lodulira DNA lotchedwa CRISPR. Chochititsa chidwi n'chakuti sakonza chilembo T chija. Amadula pa chigawo china, BCL11A, chimene ntchito yake ndi kuzimitsa himogulobini F, kenako amabwezera maselowo m'thupi, ndipo munthu wamkulu amayambanso kupanga himogulobini wa ukhanda wake. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, ndipo pamafunika chipatala chokhala ndi zipangizo zapamwamba kwambiri.

Ndimasangalala kuti njira imeneyi ilipo, koma mtima umandiwawa ndikaganiza kuti ana ambiri a matendawa amabadwira kumene ngakhale kuyeza kwa pachala sikufika. Ndalama zochizira munthu mmodzi ndi Casgevy zingagule hydroxyurea ndi penicillin wa ana ambirimbiri kwa chaka chathunthu. Chimene ndingapemphe kwa aphungu athu ndi akuluakulu a zaumoyo n'chakuti khanda liziyezedwa sickle cell pamene likulandira katemera woyamba, zotsatira zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndipo mankhwalawa azipezeka pa chipatala cha boma lililonse, kuti mayi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje asamagulitse mbuzi chifukwa cha thiransipoti yokatenga makapisozi mumzinda. Pa 19 June chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matendawa, motsatira chigamulo cha United Nations cha mu 2008, ndipo limenelo ndi tsiku labwino lofunsa akuluakulu a zaumoyo a m'boma lanu kuti zimenezi zafika pati.

Nthawi yathu yathera pamenepa.

(Nyimbo yotsekera)